Ngongole ikafika pakhosi muno mu Harare: kwa loya, ku Legal Aid kapena kukambirana?

Mlamu wanga, amene amakhoma mipando ku Glen View, anatulukira kwathu ku Mufakose usiku wina atapinda pepala m'thumba la malaya. Chinali chisamani cha kukhoti. Anali atachisunga masiku anayi osauza ngakhale mkazi wake, yemwe ndi mlongo wanga. Atakhala pansi anangoti, "Alamu, ndipezereni loya woti akandilengeze kukhoti kuti ndagwa, anthuwa andisiye." Winawake anali atamuuza kuti munthu akalengezedwa kuti walephera kubweza ngongole, zonse zimafufutika ngati choko pa bolodi.

Sizili choncho, ndipo zimandiwawa kuona abale athu a ku Mbare, Mabvuku, Tafara, Epworth ndi Dzivarasekwa akutaya kandalama komaliza posaka njira yomwe sinawakonzere iwo. Ambiri a ife timasowa munthu wodziwa malamulo woti awerenge mapepala athu, atiuze ngongole yeniyeni ndi zingati, ndi kutithandiza kuyankha khoti nthawi isanathe. Kulengezedwa kuti wagwa ndi njira yomaliza, ndipo ndiifotokoza kumapeto. Ine si loya. Ndangoyenda m'makomo amenewa ndi m'bale wanga, ndipo ndikufuna kuti inu mukafike pakhomo loyenera msanga kuposa ife.

Yambani mwaona pepala lomwe muli nalo

Musanasake loya, dziwani kuti nkhani yanu yafika pati, chifukwa ndi zimenezo zomwe zikuuzeni kothamangira. Kalata yokukumbutsani ngongole, ngakhale itachokera kwa maloya ndipo ili ndi mawu oopsa, si chigamulo cha khoti. Pamenepo nthawi yokambirana ilipo. Chisamani ndi nkhani ina: chimakhala ndi chidindo cha khoti, nambala ya mlandu, ndi masiku omwe mwapatsidwa kuti mudziwitse khoti ngati mukutsutsa. Ku High Court amapereka masiku 10, ndipo kukhoti la majisitireti masiku ake amalembedwa pa chisamanicho. Mukangokhala chete, wokongozayo amapempha chigamulo inu kulibe, ndipo amachipeza. Kuchichotsa pambuyo pake nkotheka, koma muyenera kufotokoza chifukwa chomveka chomwe simunayankhire komanso kuonetsa kuti muli ndi mfundo yodzitetezera. Ndalama zake zimaposa zomwe mukanawononga poyankha pa nthawi yake.

Chigamulo chikatuluka m'pamene amabwera olanda katundu. Wololedwa kuchita zimenezi ndi Messenger of Court pa milandu ya kwa majisitireti, kapena Sheriff pa milandu ya ku High Court, ndipo amabwera ndi chikalata cha khoti. Anyamata otumidwa ndi wakatapila, amene kuno anzathu amati chimbadzo, alibe mphamvu yonyamula firiji yanu, ngakhale atabwera atavala mataye.

Loya wolipira

Iyi ndiyo njira yamphamvu kuposa zonse, komanso yodula kuposa zonse. Imayenera pamene chinthu chachikulu chili pangozi: nyumba yomwe munaika chikole, galimoto yomwe imakudyetsani, makina a pa ntchito, kapena ngongole yomwe yafika ku High Court. Masiku ano mapepala a ku High Court amaperekedwa pa intaneti kudzera mu njira yotchedwa IECMS, ndipo munthu wosazolowera akhoza kutaya masiku ake onse akulimbana ndi foni. Pa ngongole ya madola mazana awiri, kulemba loya kuti ayendetse mlandu wonse kuli ngati kugula ng'ombe kuti ikoke ngolo ya nkhuku imodzi. Koma pali njira ya pakati yomwe anthu ambiri saidziwa: kulipira kukaonana naye kamodzi kokha, akuwerengereni mapepala, akuuzeni poima, mwinanso akulembereni kalata imodzi. Kwa ine, ndalama ya ola limodzi limenelo ndiyo imagwira ntchito yaikulu kuposa ina iliyonse pa nkhani za ngongole.

Nanga mudziwa bwanji kuti ndi loya weniweni? Maloya onse ogwira ntchito mu Zimbabwe amayang'aniridwa ndi Law Society of Zimbabwe, yomwe ili ndi maofesi mu msewu wa Kwame Nkrumah m'tauni muno. Bungweli ndilo limapereka chiphaso chogwirira ntchito, ndipo chiphasocho n'cha chaka chimodzi. Munthu akhoza kukhala kuti anaphunziradi zamalamulo, koma ngati alibe chiphaso cha chaka chino saloledwa kulandira ndalama zanu ngati loya. Funsani kuti muchione. Loya woona sakwiya ndi funso limeneli, ambiri amachipachika pakhoma. Mukakayika, funsani ku Law Society komweko musanalipire. Ubwino wake ndi wakuti loya wolembetsedwa akakulakwirani muli ndi kokadandaula, ndipo ndalama zomwe mwamusungitsa kuti akapereke kwa wokongoza zimayenera kulowa mu akaunti yapadera ya makasitomala, osati m'thumba mwake. Musatumize ndalama pa EcoCash ya munthu popanda lisiti la ofesi.

Chinanso, maloya ali ngati amisiri. Wodziwa milandu ya upandu kapena yothetsa maukwati si ndiye kuti amadziwa za ngongole. Mufunseni mosabisa ngati anayendetsapo nkhani za Insolvency Act, lamulo la anthu olephera kubweza ngongole, kapena zoteteza anthu osumiridwa ndi mabanki. Mufunsenso kuti amalipiritsa pa ola kapena pa ntchito yonse, ndalama yoyambira ndi zingati, ndipo zolipira kukhoti ndi kwa mesenja zili momwemo kapena n'zapadera. Zonsezi akulembereni. Pali funso limodzi lomwe ndimalikonda kwambiri: "Mukanakhala inu, mukanachita chiyani?" Amene akuyankhani kuti mlandu wanu ndi wofooka ndipo ndi bwino kukambirana, ameneyo ndiye wokufunirani zabwino. Amene akulonjeza kuti ngongole yonse aifafaniza asanaone n'komwe pepala, tsanzikani.

Kumene salipiritsa kapena amalipiritsa pang'ono

Boma lili ndi Legal Aid Directorate, yomwe ili pansi pa unduna wa zachilungamo ndipo imagwira ntchito motsatira Legal Aid Act. Kumeneko kuli maloya enieni, ndipo amathandiza pa milandu ya upandu komanso ya pakati pa anthu. Amayamba aona kapezedwe kanu, choncho tengani umboni wa malipiro anu kapena wosonyeza kuti simuli pa ntchito. Nthawi zina amapempha kuti musonkheko kangachepe malinga ndi mphamvu zanu. Vuto lake ndi kuchuluka kwa anthu. Ngati chisamani chanu chatsala ndi masiku awiri, nenani zimenezo pakhomo pomwe, musadikire kuti akufunseni.

Palinso Legal Resources Foundation, bungwe lomwe linayamba mu 1984. Mphamvu yake ili pa alangizi a zamalamulo omwe si maloya koma anaphunzitsidwa kufotokozera anthu wamba malamulo, kuthandiza kulemba mapepala, ndi kutumiza nkhani yovuta kwa loya. Pa ngongole zazing'ono za kwa majisitireti, ine ndingayambire kumeneko. Amayi, makamaka amene katundu wawo akufuna kulandidwa chifukwa cha ngongole ya amuna awo kapena amene asiyidwa ndi ngongole pambuyo pa maliro, angafunsenso ku Zimbabwe Women Lawyers Association. Anthu ena amathamangira ku Zimbabwe Lawyers for Human Rights chifukwa dzina lake limamveka pa wailesi, koma ntchito yawo ndi ya ufulu wachibadwidwe, osati ngongole ya pa shopu ya mipando.

Mawu amodzi kwa makolo athu amene Chingerezi chimawavuta ndipo Chishona cha m'mapepala sachimvetsa bwino. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amavomereza zilankhulo 16, ndipo Chichewa chili m'gulumo. Palibe chamanyazi kunena kuti simunamve. Pitani ndi mwana kapena mdzukulu wodziwa kuwerenga, ndipo musasaine chomwe sichinamasuliridwe kwa inu.

Anthu a zikwama oima pafupi ndi makhoti

Awa sindichedwa nawo. Amakuyandikirani mwaulemu, amati amadziwana ndi akalaliki a m'kati, amati akhoza kusowetsa fayilo kapena kuchotsa dzina lanu pa mndandanda wa osabweza ngongole. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amaona mbiri yanu ku Credit Registry ya Reserve Bank of Zimbabwe ndiponso ku mabungwe ngati Financial Clearing Bureau, ndipo dzina limakonzedwa kumeneko ndi umboni woti munalipira kapena kuti analakwitsa. Munthu wa chikwama akadya ndalama zanu mulibe kokadandaula, ndipo masiku a chisamani amakhala akutha.

Zomwe mlangizi wabwino amayang'ana

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi poyezera ngati amene mwamupezayo akudziwa ntchito yake, kaya ndi wolipira kaya ndi waulere.

Choyamba ndi chiwongoladzanja. M'malamulo a dziko lino muli mfundo yotchedwa in duplum, yomwe imati chiwongoladzanja chosalipidwa chikafanana ndi ndalama yomwe yatsala pa ngongole yeniyeniyo, chimaima. Tiyerekeze kuti munatenga $400 ndipo simunabwezeko kalikonse. Wokongozayo akubwera patapita nthawi n'kunena kuti tsopano ndi $1,500. Mwa mfundo imeneyi chiwongoladzanja sichingapose $400, ndiye kuti zonse pamodzi ndi $800. Khoti likapereka chigamulo chiwongoladzanja chimayambanso kuwerengedwa, choncho musaganize kuti chaimiratu. Koma taganizani kuchuluka kwa anthu m'makomboni mwathu amene akulipira chiwongoladzanja chomwe lamulo linachiimitsa kalekale. Pemphani sitetimenti yonse, kuyambira tsiku lomwe munatenga ndalama, ndipo wina aiwerenge ndi pensulo.

Chachiwiri ndi zaka za ngongoleyo. Kwathu timati mlandu suwola, koma Prescription Act imanena zina: ngongole wamba imatha mphamvu pakapita zaka 3 wokongoza asanakusumireni. Ngongole yomwe khoti linagamula kale, kapena yomwe nyumba inalembetsedwa ngati chikole, imakhala zaka 30. Chenjerani apa. Mukavomereza ngongole, kaya polemba kaya polipirako pang'ono, zaka zija zimayambanso kuwerengedwa. N'chifukwa chake otolera ngongole zakale amakonda kunena mokoma kuti, "Ingosainani apa, muzilipira pang'onopang'ono." Sindikunena kuti muzibera anthu amene anakuthandizani pa tsoka. Ngongole ya m'bale kapena ya chipereganyu, chomwe kuno timachidziwa kuti mukando, imabwezedwa chifukwa cha umunthu, kaya papita zaka zingati. Ndikungoti dziwani chomwe mukusaina.

Chachitatu ndi amene anakukongozaniyo. Wochita bizinesi yobwereketsa ndalama ayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo mabungwe a ngongole zazing'ono amalembetsedwa ndi Reserve Bank motsatira Microfinance Act. Wakatapila wopanda chiphaso amaopa khoti kuposa inu, n'chifukwa chake amadalira kuopseza ndi kusunga khadi lanu la kubanki kapena chitupa chanu.

Chachinayi ndi mtundu wa ndalama, nkhani yomwe yasokoneza anthu ambiri m'dziko muno. Pa 22 February 2019 lamulo la SI 33 linasandutsa ngongole zambiri za m'dziko muno zomwe zinali m'madola a ku America kukhala madola a RTGS, ndalama ya m'dziko muno ya nthawi imeneyo, dola imodzi pa dola imodzi, ndipo Supreme Court inatsimikiza zimenezi mu January 2020 pa mlandu wa Zambezi Gas. Kenako mu April 2024 kunabwera ndalama ina yatsopano yotchedwa ZiG. Ngati ngongole yanu ndi yakale ndipo wina akuifuna m'madola a ku America, loya ayenera kuona tsiku lomwe inayamba asanakuuzeni zolipira.

Palinso mantha a ndende. Ndime 49 ya malamulo aakulu a dziko imati munthu asamangidwe chifukwa chongolephera kukwaniritsa pangano. Komabe khoti likhoza kulamula kuti munthu atsekeredwe ngati laona kuti ali nazo zolipirira koma akukana dala. Ndiye mukaitanidwa pa nkhani imeneyi, musathawe. Pitani ndi mapepala a malipiro, lendi, fizi ya ana ndi malisiti a kuchipatala, muonetse woweruza mphamvu zanu zenizeni. Kawirikawiri zimathera pa kugwirizana zolipira mwezi ndi mwezi. Kwa amene ali pa ntchito, wokongoza akhozanso kupempha khoti kuti ndalama zizidulidwa ku malipiro, ndipo aphunzitsi ndi anamwino amadziwa kale mmene pepala la malipiro la ku SSB, ofesi yolipira ogwira ntchito m'boma, limaonekera likadzaza ndi zodula.

Za katundu wa m'nyumba, mlongo wanga ndiye anali ndi nkhawa yaikulu. Mu Zimbabwe kukwatirana pakokha sikuphatikiza chuma cha mwamuna ndi cha mkazi, pokhapokha ngati anachita pangano lotero. Makina osokera omwe mayi anagula ndi ndalama zake si a wokongoza mwamuna wake, koma mesenja akawalemba, mayiyo ayenera kukadandaula mwamsanga ndi umboni. Malisiti amene timawataya aja ndi amene amapulumutsa katundu. Lamulo limatetezanso zinthu zofunika pa moyo monga zogonera, zovala ndi zida zogwirira ntchito mpaka mlingo wina. Ndipo ngati Sheriff akufuna kugulitsa nyumba yomwe banja likukhalamo, malamulo a High Court amalola mwininyumba kupempha woweruza kuti kugulitsako kuimitsidwe kapena kuchedwetsedwe, makamaka akabwera ndi dongosolo lomveka la kalipiridwe. Masiku opemphera ndi ochepa kwambiri. Apa pokha ndinganene kuti gulitsani wailesi ya kanema mupeze loya lero lomwe.

Kukambirana

Njira iyi ndi yotsika mtengo kuposa zonse ndipo ndi imene anthu amaiopa kwambiri, chifukwa imafuna kuonetsa nkhope. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wokongoza wanzeru amadziwa kuti katundu wogulitsidwa pa okushoni amapita pa mtengo wolira, ndipo pa ndalamazo amayamba achotsa zolipira mesenja ndi wogulitsa. Munthu wobwera yekha ndi dongosolo loti azilipira zakutizakuti pa mwezi amamupindulitsa kuposa sofa yakale. Moto utapsereza msika wa Mbare Musika mu October 2024, amalonda ambiri anatsala ndi ngongole za katundu yemwe anasanduka phulusa. Munthu wotero akapita msanga kwa womukongoza ndi umboni wa zomwe zachitika, amakhala ndi poyambira pabwino kuposa amene wazimitsa foni.

Ngati ngongole ili pakati pa ife tokhatokha, akuluakulu a mpingo, a kumzikiti kapena a bungwe la maliro amatha kukhazika pansi anthu awiri bwino kuposa khoti, ndipo ubale umatsala. Kwa banki kapena shopu njira imeneyi sigwira, kumeneko n'kulemberana makalata. Kulikonseko, mgwirizano ulembedwe: ndalama yonse ndi zingati, chiwongoladzanja chaima kapena ayi, mudzalipira liti, ndipo mlandu wa kukhoti uimitsidwa motani. Musalonjeze zomwe simungathe pofuna kuti msonkhano uthe msanga. Ndipo ngati chisamani chafika kale, kukambirana sikuimitsa masiku a khoti. Yankhani kukhoti uku mukukambirana.

Tsono kulengezedwa kuti wagwa

Lamulo lake ndi Insolvency Act ya 2018, yomwe inalowa m'malo mwa lamulo lakale. Pempho limapita ku High Court, ndipo likhoza kuchokera kwa mwini ngongole kapena kwa amene anamukongoza. Khoti likavomera, chuma chanu chimachoka m'manja mwanu. Ofesi ya Master of the High Court imayang'anira nkhaniyo, pamasankhidwa munthu woti asonkhanitse katundu wanu, amugulitse, ndi kugawa ndalamazo kwa okongoza motsatira dongosolo la lamulo. Amene ali ndi chikole amayamba kupeza pa katundu wa chikoleyo, enawo amagawana zotsala.

Ubwino wake ulipo ndithu. Okongoza amaleka kukuthamangitsani aliyense payekha, zonse zimayendera pamalo amodzi, ndipo pambuyo pake munthu akhoza kuyeretsedwa dzina n'kuyambanso moyo ngongole zakale zitamuchoka. Koma khoti limafuna kuona kuti okongoza apindulapo kanthu, ndipo ndalama zoyendetsera nkhaniyo ziyenera kupezeka. Apa ndi pomwe pagona vuto kwa anthu ngati ife: njira imeneyi imakomera munthu amene ali ndi katundu wambiri komanso ngongole zambiri, monga wamalonda amene anali ndi malole ndi nyumba. Amene ali ndi bedi, mbaula ndi mabenchi awiri alibe choti chigawidwe. Kuwonjezera apo, munthu amene sanayeretsedwe dzina amakhala womangika pa zinthu zingapo, monga kutenga ngongole yatsopano ndi kukhala dayirekitala wa kampani. Ndipo musayese kusamutsira katundu kwa achibale mutatsala pang'ono kupempha. Wosonkhanitsa chuma ali ndi mphamvu yopempha khoti kuti katunduyo abwezedwe, ndipo mukhoza kudziputira mlandu wina.

Lamulo lomweli lili ndi njira ina yofatsa, yoti munthu apereke kwa okongoza ake onse dongosolo la kalipiridwe chuma chake chisanalandidwe, iwo n'kuvomereza kapena kukana. Ngati muli ndi ngongole m'malo anayi kapena asanu ndipo muli ndi kandalama kolowa mwezi uliwonse, funsani loya za njira imeneyi musanalankhule za kugwa. Eni makampani ali ndi yawonso yopulumutsira bizinesi, koma imeneyo si ya munthu payekha.

Mlamu wanga sanalengezedwe kuti wagwa. M'mawa mwake tinasonkhanitsa zonse mu envelopu imodzi: pangano la ngongole, malisiti, mauthenga a EcoCash osonyeza zomwe analipirako, ndi chisamani chija. Tinasonkherana ndalama yokaonana ndi loya kamodzi, titafunsa kaye za chiphaso chake. Loyayo anawerenga mapepalawo mwakachetechete, anapeza kuti chiwongoladzanja chinali chitadutsa malire komanso kuti ndalama zina zomwe analipira sizinalembedwe, ndipo anatithandiza kudziwitsa khoti tsiku lomwelo kuti tikutsutsa. Patapita milungu itatu mbali ziwirizo zinasainirana mgwirizano wa kalipiridwe. Akulipirabe mpaka pano, tsiku loyamba la mwezi uliwonse, ndipo makina ake opalira matabwa adakali pa malo pake ku Glen View.